Zikomo a Malawi anzanga a ku Joni, msana uja wachira

Abale ndi alongo a ku Rosettenville, Turffontein, Yeoville, Mayfair ndi kwina konse komwe uthenga wa matenda anga unafika, ndabwera kudzathokoza. Mawuwa ndi anga, koma akulemba pa foni ndi mdzukulu wanga chifukwa maso anga satha kuona tizilembo ting'onoting'ono. Opaleshoni ya msana inayenda bwino. Njinga ya odwala ija tabweza kwa eni ake, tsopano ndikuyenda ndekha ndi ndodo, ndipo Lamulungu lapitali ndinaima m'tchalitchi mpaka nyimbo yonse kutha, chinthu chomwe ndinasiya kalekale.

Ambiri mwa inu munapereka ndalama zanu musakudziwa kuti msanawu unavulala bwanji. Ena mumangomva kuti madala aja ankasewera m'mafilimu a ninja, ena mumayesa nthano. Munthu amene wakuthandiza ayenera kudziwa chimene wathandiza, choncho ndiloleni ndifotokoze.

Ndinafika kuno mu 1979 kudzera ku TEBA, bungwe lolemba anthu ntchito za kumigodi lomwe kale linkatchedwa Wenela. A Kamuzu anali ataletsa ulendo wa kumigodi mu 1974, ndege ya Wenela itagwa ku Francistown n'kupha anthu akwathu oposa 70, ndiye njira itatsegulidwanso mu 1977 anyamata ambiri tinalembetsa. Kontirakiti itatha sindinabwerere ku Dedza. Ndinalowa ntchito ya m'maluwa kumayadi a azungu, ndipo kumudzi anayamba kundiwerengera m'gulu la matchona. Mayi wina amene ndinkawasamalira bwalo anali ndi ntchito yophikira anthu ojambula mafilimu, ndipo mu 1986 anayamba kunditenga kuti ndizikawanyamulira mapoto ndi matebulo. Tsiku lina asilikali a m'filimu anaperewera. Bambo wina anandiyang'ana kutalika ndi mapewa a kumgodi aja, n'kundiponyera yunifolomu ndi mfuti. Madzulo ndinalandira mu envelopu ndalama yoposa ya sabata yonse ya m'maluwa. Ku maluwa sindinabwererenso.

Zaka zimenezo mafilimu ankajambulidwa mbali zonse. Boma la tsankho linakonza zoti munthu wachuma akaika ndalama mu filimu azichotseredwa msonkho wambiri, ndiye ndalama zinasefukira, ngakhale filimuyo ikhale yosalongosoka. Makampani akunja anabwera, monga Cannon ya Menahem Golan ndi Yoram Globus, ndipo kuno kunali Avi Lerner wa Nu Metro amene pambuyo pake, mu 1992, anadzayambitsa Nu Image. Koma dziko la South Africa linali losalidwa, a United Nations ataletsa oimba ndi osewera kubwera kuno, choncho mafilimuwo ankabisa malo omwe ajambulidwa. American Ninja 2 ya mu 1987, yomwe ambiri munaionera, nkhani yake imati ndi pachilumba cha ku Caribbean, koma inajambulidwa muno mu South Africa. Ife tinkathamanga pa milu ya dothi la m'migodi kummwera kwa tawuniyi kapena m'mapiri a Magaliesberg, oonera n'kumauzidwa kuti ndi ku South America.

Panali anthu amene ankatidzudzula kuti tikuthandiza boma kuzemba chiletso, ndipo ndimawamvetsa mpaka lero. Chinanso chimene chinkandiwawa ndi mbali zomwe munthu wakuda ankapatsidwa. Unkakhala mlonda wa pageti, chigawenga, kapena msilikali wa mtsogoleri wankhanza, ndipo ntchito yako inali kufa kuti mzungu wa filimuyo aoneke ngwazi. Dzina lako silinkalembedwa kumapeto. Koma ana anga anayi anaphunzira ndi ndalama zimenezo, malata a nyumba ya malemu mayi anga anachokera mmenemo, ndipo ntchitoyo ndinaigwira ndi mtima wonse. Sindichita nayo manyazi.

Panalinso mafilimu ena a m'Chizulu, Chisotho ndi Chixhosa, amene boma linkawathandiza ndi ndalama padera kuti aziwaonetsa kwa anthu akuda okha. Amenewo ankajambulidwa sabata imodzi kapena ziwiri, n'kumayenda nawo pa galimoto m'maholo a sukulu, m'matchalitchi ndi m'makomponi. Mmenemo munthu wakuda ankatha kukhala ngwazi, bola asakhudze ndale. Malemu Ken Gampu wa ku Germiston anasewera ngati Joe Bullet mu filimu ya dzina lomweli yomwe inatuluka mu 1973, munthu wakuda wogwira mfuti ndi woyendetsa galimoto yapamwamba, ndipo boma linaletsa filimuyo itangoonetsedwa kawiri. Bambo ameneyu ndiye tonse tinkayang'anako. Anafika mpaka pa King Solomon's Mines mu 1985, anamwalira ku Vosloorus mu 2003, ndipo achinyamata ambiri ofuna za mafilimu lero salidziwa n'komwe dzina lake.

Kufa pa kamera kuli ndi kaphunziridwe kake. Amakumangirira pachifuwa kachitsulo kopyapyala, pamwamba pake kaonga pang'ono ndi kathumba ka magazi abodza, waya n'kudutsa mkati mwa buluku kutulukira kuphazi mpaka kwa munthu wogwira batani. Iwe uthamange ngati sukudziwa kanthu. Akadina, chimakugunda pachifuwa ngati wakuponda bulu, malaya n'kung'ambika, ndipo uyenera kugwa pamalo enieni omwe anakulembera ndi choko, nkhope kuloza ku kamera. Ukagwa usaphethire, usapume mooneka, nyerere zikulume kaya dzuwa likuotche, mpaka umve "Cut!" Ukalakwitsa wawononga malaya, onga ndi filimu ya mu kamera yomwe inali yodula, ndipo mawa sakuitananso. Amene anandiphunzitsa zonsezi ndi mnzanga wa Chizulu wa ku Soweto, katswiri wa ma stunt, mbali zoopsa zija monga kugwa ndi kudumpha, amene ankandiuza kuti thupi ulisiye lifewe chifukwa wolimbitsa thupi ndiye amathyoka.

Kudumpha kuchoka padenga tinkagwera pa makatoni opanda kanthu. Amawasanjikiza mizere iwiri kapena itatu, n'kuphimba ndi lona. Ugwe chagada, manja otambasula, chibwano pachifuwa, ndipo makatoniwo akamaphwanyika amakulandira pang'onopang'ono. Mu 1989, pa filimu ina ya kampani yomwe sinditchula, mvula inagwa usiku makatoni ali panja. M'mawa akuluakulu anati nthawi yatha, dzuwa likupita, palibe zogula ena. Katoni yonyowa siilandira munthu, imangophwatalala. Ndinamva msana kulira ndisanamve kuwawa. Anandipatsa malipiro a tsikulo ndi mapilitsi opha ululu, n'kukanditsitsa pokwerera ma taxi. Munthu wopanda mapepala okwanira ukadandaula kwa ndani? Ndinagona miyezi ingapo, ndinadzuka, ndinabwerera kuntchito, koma fupa lija linapola mopotoka ndipo lakhala likundidya mpaka miyendo inayamba kuchita dzanzi chaka chatha.

Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 boma linatseka mwayi wa msonkho uja ndipo ntchito inachepa kwambiri. M'ma 1990 tinkapezabe mafilimu opita pa tepi ya vidiyo mwachindunji, kenako ndinkangoima kumbuyo m'masewero a pa TV ndi m'zotsatsa malonda, usiku n'kumagwira ulonda. Wosewera kuno amatengedwa ngati waganyu, alibe penshoni, alibe UIF, thumba lija lothandiza munthu ntchito ikamuthera. Umasayina pepala lopereka zonse kwa eni filimu, ndiye ngakhale filimuyo izigulitsidwabe pa DVD ndi pa intaneti, iwe sulandira kanthu. Lamulo loteteza osewera ndi la mu 1967, ndipo bilu yolisintha yakhala ikukokedwa kwa zaka zambiri ngakhale a bungwe la osewera la South African Guild of Actors akhala akulimbana nazo. N'chifukwa chake pamene adokotala anati pakufunika opaleshoni, zithunzi za msana, lamba wapadera ndi mafizo a miyezi yambiri, ine m'thumba munalibe kanthu.

Apa ndi pamene inu munalowererapo. Woyamba kuthokoza ndi mayi a kunyumba, amene anandisambitsa ndi kunditembenuza usiku, m'mawa n'kupitabe kukachapa ndi kusita kwa abwana awo. Mayi, zimene munachita sindingathe kuzibweza. Amayi a kumpingo, munagawana masiku obweretsa chakudya kuchipatala, ndipo tsiku limene ndinakana kudya munabwera ndi nsima ya mgaiwa ndi usipa wochokera kwathu. Ndinadya. Abambo a bungwe lathu la maliro, munasintha malamulo anu kuti ndalama ithandize munthu akadali moyo, ndipo ndikudziwa kuti pamsonkhano umenewo panali kukangana kwakukulu. Abale athu achisilamu a ku Mangochi okhala ku Mayfair ndi Fordsburg, munatumiza envelopu yanu kwa munthu amene simupemphera naye, ena a inu simunandionepo. Alamu anga oyendetsa galimoto, munanditengera ku mafizo osalandira ngakhale ya petulo. Anamwino a mu wodi yathu, ndi adokotala aja achitsikana amene anandifotokozera za opaleshoni mofatsa mpaka mantha anachoka, Mulungu akudalitseni. Ndi iwe mnzanga wa ku Soweto, unabwera ndi ndodo zako ziwiri kudzakhala pambali pa bedi langa, pomwe nawenso mawondo anakuthera pantchito yomweyi.

Koma ndikufuna ndikhalitse pa anyamata ndi atsikana a gulu la achinyamata, chifukwa chimene munachita sindinachiyembekezere. Mphwanga atakuuzani kuti amalume ake ankasewera m'mafilimu, munayamba kusakasaka matepi akale m'mashopu ogulitsa katundu wogwiritsidwa kale ntchito ndi pa intaneti. Munakhala usiku kuyang'ana filimu ndi filimu, kuimitsa chithunzi paliponse pamene pali asilikali akuda, kufuna nkhope yanga. Zimene munapeza munazilumikiza pa kompyuta, munabwereka holo ya tchalitchi ndi projekita, n'kulipiritsa pakhomo kuti ndalama ipite ku mafizo anga.

Mu umodzi mwa mafilimuwo wotsogolera anandiuza kuti ndikuwe chilichonse m'chilankhulo changa galimoto isanaphulike, chifukwa kwa iye zilankhulo zathu zonse zinali chimodzi. Ine ndinali nditaiwala. Usiku umenewo m'holo, mnyamata wamtali wovala yunifolomu yobiriwira anatembenuka pa chinsalu n'kukuwa kuti, "Thawani anyamata, moto uwo!" Holo yonse inaimirira. Amayi analuluta, anyamata anakuwa kuti ibwezedwe, ndipo munaibweza mpaka abusa anachita kupempha kuti tipitirize. Bambo wina wa ku Ndirande anabwera kudzagwada pafupi ndi njinga yanga, n'kundiuza kuti anaimva sentensi imeneyo ali mwana mu vidiyo sho ya pamsika, ndipo iye ndi anzake anakangana sabata yonse ngati anamvadi Chichewa. Kumbukirani kuti kwathu TV inayamba mu 1999, ndiye timanyumba ta vidiyo tija ndito tinali kanema wa ana athu. Ine ndinalira pamaso pa adzukulu anga. Zaka zonsezi ndinkaona ngati ntchito yanga inathera pa milu ya dothi ija, osadziwa kuti inafika kwathu.

Kwa achinyamata amene mwakhala mukundifunsa za kulowa ntchito ya ma extra, anthu ongodzazira gulu m'filimu monga ndinayambira ine, ipo ndithu, ndipo masiku ano chitetezo chili bwino kuposa nthawi yathu. Lembetsani kwa ejenti wodziwika, ndipo aliyense wokuuzani kuti mulipire ndalama zambiri kaye kuti akupezereni mbali, muthaweni. Werengani pepala musanasayine. Akakuuzani kuti mudumphe kapena mugwe pomwe munalembedwa ngati extra wamba, kanani, chifukwa imeneyo ndi ntchito ya anthu ophunzitsidwa ndipo ili ndi malipiro ake. Pamene mukagwere pafufuzeni ndi manja anu.

Nkhani yomaliza ndi yakuti adokotala andilola kuyenda ulendo wautali, choncho ine ndi mayi a kunyumba tagwirizana zopita kwathu ku Dedza kukakhazikika. Tinyamuka kumapeto kwa mwezi uno pa basi ya ku Park Station, kudzera ku Beitbridge, Nyamapanda ndi Tete. Ana ndi adzukulu atsala kuno, muziwayang'anira monga munandiyang'anira ine. Loweruka lisanafike tsiku la ulendo tidzakhala pakhomo tsiku lonse, tiyi adzakhalapo, bwerani tidzatsanzikane. Amene muli ndi kakatundu kopepuka kopita kwa abale a ku Dedza kapena ku Lilongwe, mukasiye kwa mphwanga pasanafike Lachinayi kuti tione mmene tingalongedzere. Achinyamata mwandipatsa mafilimu aja pa flash, ndipo mfumu ya kwathu yatumiza kale uthenga kuti ikufuna tikaonetse pabwalo la sukulu mvula isanayambe.