Makalata a madala awiri, Adams ndi Jefferson

Anzanga, nkhani ya John Adams ndi Thomas Jefferson yanditenga mtima sabata ino. Awiriwa anamenyera limodzi ufulu wa America, koma chisankho cha 1800, pomwe Jefferson anagwetsa Adams pa upulezidenti, chinawadanitsa. Zaka 12 osalemberana ngakhale moni!

Amene anawayanjanitsa ndi dokotala wa ku Philadelphia, Benjamin Rush, yemwe ankanyengerera aliyense payekha. Pa 1 Januwale 1812 Adams, ali kwawo ku Quincy, anayamba ndiye kulemba. Ananena kuti watumiza nsalu ziwiri zowomba pakhomo, chonsecho akutanthauza mabuku a mwana wake John Quincy Adams. Kalata inafika ku Monticello, kwawo kwa Jefferson, mabukuwo asanafike, ndiye Jefferson anayankha mofatsa za kuwomba nsalu ku Virginia. Ndaseka ndekha.

Kuchokera pamenepo analemberana makalata 158, ndipo 109 mwa amenewo anali a Adams. Mkuluyu sankaugwira mtima, ankalemba asanayankhidwe n'komwe. Ankakambirana za chipembedzo, anzeru akale a ku Greece, ukalamba, komanso funso loti woyenera kulamulira ndani, waluso kapena wobadwira m'banja lolemera. Mayi Abigail Adams, mkazi wa Adams, atamwalira mu 1818, Jefferson analemba kalata yachipepeso yaifupi koma yogwira mtima.

Chondinyansa n'chakuti nkhani ya ukapolo ankangoilambalala, pomwe Jefferson anali ndi akapolo oposa 600 pa moyo wake. Adams analibe ndi mmodzi yemwe, koma sanamufunse mnzakeyo molimba mtima.

Onse awiri anamwalira tsiku limodzi, pa 4 Julayi 1826.