Tabuleti yowerengera malamulo a masewera a nkhondo: yezani m'lifupi, musanyengeke ndi mainchesi

Malamulo a bawo amakhala m'mutu. Mwana akakhala pafupi ndi agogo ake pakhonde masiku angapo, amadziwa kayendetsedwe ka nkhomo popanda kutsegula buku. Masewera a nkhondo a pa mapu, aja a timabokosi ta ngodya 6 ndi tizidutswa ta katoni toimira magulu a asilikali, sali choncho. Malamulo ake amadzaza masamba 30 kapena 40, ndipo a Advanced Squad Leader, amene anatuluka koyamba mu 1985, ndi masamba mazanamazana osungidwa m'chikwatu cha mphete zitatu. Kuno ku Blantyre mabokosi a masewerawa sapezeka m'masitolo, kotero ambiri timayamba ndi PDF. Kampani ya GMT Games imaika malamulo a masewera ake pa intaneti kwaulere, ndipo imawakonza ikapeza zolakwika. Mukasindikiza lero pamalo a fotokope, mawa kwatuluka okonzedwa, pepala lanu latha ntchito. Komanso fotokope yakuda imameza mitundu imene imasiyanitsa lamulo ndi chitsanzo chake. N'chifukwa chake tabuleti imafunika.

Choyamba timvetse mmene buku lotere limagwirira ntchito, chifukwa chisankho chonse chagona pamenepa. Siliwerengedwa ngati nthano, kuyambira koyamba mpaka kumapeto. Mumalitsegula masewera ali mkati, mnzanu akudikira dayisi ili m'manja. Lamulo 12.3 likukutumizani ku 7.41, kumeneko likuti onani tchati cha mitundu ya malo, kenako mubwerere pomwe munali. Tsamba lililonse lili ndi madanga awiri oimirira, zilembo zazing'ono, ndi zithunzi za mapu zokhala ndi manambala ang'onoang'ono. Chomwe mukufuna ndi kuona tsamba lonse nthawi imodzi, lowerengeka, osakulitsa ndi zala mphindi iliyonse.

Apa ndi pomwe ambiri amataya ndalama. Wogulitsa amakuuzani kuti iyi ndi ya mainchesi 11, iyo ndi ya 10, ndipo mumaganiza kuti ya 11 ndiye yaikulu. Mainchesiwo amayezedwa mopingasa, kuchokera ngodya ina kukafika ngodya ina, ndipo sanena kanthu za m'lifupi. Mabuku ochokera ku America amalembedwa pa pepala la Letter, la mamilimita 216 m'lifupi ndi 279 m'litali, lofupikirapo ndi lonenepa kuposa A4 imene tinazolowera kuno. Mukaimika tabuleti, chimene chimalamula kukula kwa zilembo ndi mbali yaifupi ya sikirini.

Tiyeni tiwerengere. iPad ya mainchesi 10.2 ili ndi sikirini ya 4:3, pafupifupi mamilimita 155 m'lifupi ndi 207 m'litali. Tsamba la Letter limadzaza pafupifupi sikirini yonse, pa 72 peresenti ya kukula kwake kwenikweni. Samsung Galaxy Tab A9+ ndi ya mainchesi 11, koma ndi ya 16:10, yaitali ndi yopyapyala: mamilimita 148 ndi 237. Tsamba lomwelo limaoneka pa 69 peresenti, ndipo mamilimita oposa 40 amangokhala mdima kumwamba ndi kumunsi. Mwaona? Ya mainchesi 11 ikuonetsa zilembo zocheperako kuposa ya 10.2. Kusiyanako si kwakukulu, koma munthu asalipire zambiri poganiza kuti wagula yaikulu. Pa A4 ya ofalitsa a ku Ulaya, mamilimita 210 ndi 297, ziwirizi zimafanana, zonse pa 70 peresenti.

Pa 70 peresenti, chilembo cha saizi 10 chimasanduka ngati cha saizi 7. Wachinyamata wa maso akuthwa amawerenga, koma amene anayamba kale kutalikitsa nyuzipepala powerenga adzatopa ola lisanathe. Kwa otere, sikirini ya mainchesi 12 kupita m'mwamba si kunyada ayi. iPad ya mainchesi 12.9 ili ndi mamilimita 197 m'lifupi, ndipo imaonetsa tsamba pa 91 peresenti, pafupifupi ngati pepala lenileni. Za Android za mainchesi 12.4 kapena 12.7 zimafika pa 77 mpaka 79 peresenti. Za mainchesi 8 zisiyeni: tsamba limatsika kufika pa theka, ndipo mudzakhalira kukoka ndi kukankha. Lamulo langa ndi losavuta. Pitani ndi rula kogula, yezani mbali yaifupi ya galasi lowala, osawerengera mkombero wakuda, gawani ndi 216. Yankho likatsika pa 0.68, isiyeni.

Ena amati ingogonekani tabuleti cham'mbali. Zoona, ya mainchesi 11 ikagona imapereka mamilimita 237, zilembo n'kukula kuposa za papepala. Koma mumaona tsamba losakwana theka, ndipo popeza madanga ndi awiri, mumatsika, n'kukweranso, n'kutsikanso pa tsamba limodzi lomwelo. Chithunzi cha chitsanzo chimadukanso pakati. Njira yothandizadi ndi kudula malire oyera a tsamba. Mapulogalamu monga Xodo ndi GoodReader amatha kutero. Ngati malirewo ndi mamilimita 13 mbali iliyonse, tsamba limatsala 190, ndipo pa sikirini ya 148 mwakwera kuchoka pa 69 kufika pa 78 peresenti osawonjezera khobidi.

Kukula kokha sikukwanira, timadontho ta sikirini nato tikhale tochuluka. Matabuleti otchipa a mainchesi 10 ambiri ndi a 1280 x 800, timadontho pafupifupi 150 pa inchi. Pa filimu zilibe vuto, koma nambala 3 ndi 8 pa kachidutswa ka m'chithunzi zimafanana, ndipo m'masewera awa kusiyana kwa 3 ndi 8 ndi kupulumuka kapena kutha kwa gulu lonse. Yambirani pa 1920 x 1200, imene pa mainchesi 11 imapereka 206. Ma iPad akuluakulu ali pa 264. Onetsetsaninso kuti sikirini ndi ya IPS, mtundu wa galasi looneka bwino ngakhale mukuliyang'ana cham'mbali. Tabuleti idzakhala pambali pa mapu, anthu awiri akuisuzumira kuchokera mbali zosiyana, ndipo galasi lotchipa limada kapena kusintha mitundu mukaliyang'ana chopendekera.

Za e-ink, za sikirini yooneka ngati inki papepala, monga Kindle Scribe ndi Boox, zimakopa kwambiri kuno chifukwa batire yake imakhala masiku ambiri ndipo zimawerengeka bwino padzuwa. Pophunzira malamulo mwachifatse musanayambe masewera, ndi zabwino zedi. Patebulo sindizilimbikitsa. Kutembenuza tsamba kumachedwa, kukulitsa kumasiya zipsera za tsamba lakale, ndipo mitundu imasowa. Zamitundu zilipo, za sikirini yotchedwa Kaleido 3, koma mitunduyo ndi yofuwirira ndipo imaoneka pa timadontho 150 pa inchi basi. Buku limene limalemba zosintha zatsopano ndi inki yofiira kapena yabuluu, pa sikirini yotuwa simungadziwe kuti lamulo lasintha pati.

Tsopano pulogalamu yowerengera, imene kunena zoona ndi theka la nkhani yonse. Ikhale ndi batani lobwerera: mukadina linki ya 7.41, kudina kumodzi kukubwezereni ku 12.3. Ikasowa batanili, linki iliyonse imakutayani m'tchire. Ithenso kufufuza mawu n'kuonetsa malo onse omwe apezeka pamodzi ndi chiganizo chake, osati kukudumphitsani amodziamodzi, chifukwa mawu ngati "retreat" angapezeke kambirimbiri m'buku limodzi. Itsegule mafayilo angapo nthawi imodzi, malamulo uku, matchati uku, buku la zochitika uko. Ngati kufufuza sikukupeza kanthu ngakhale mawuwo mukuwaona ndi maso, vuto si tabuleti. PDF yanuyo ndi zithunzi za masamba, zojambulidwa pa sikana, ndipo iyenera kudutsa kaye mu OCR pa kompyuta, pulogalamu yosandutsa zithunzi za zilembo kukhala mawu ofufuzika. Yesani kukanikiza chala pa liwu limodzi: likasankhika, fayilo ili bwino.

Mafayilo a zithunzi omwewa ndi amene amalemetsa tabuleti. RAM, memori imene tabuleti imagwirira ntchito, ikakhala ya 2 GB imatsamwa, tsamba limayamba loyera kenako n'kumadzaza pang'onopang'ono, ndipo mukasamukira ku fayilo ina yoyamba ija imatsekeka. Pa Android musatsike pa 4 GB. Malo osungira si nkhawa: 64 GB imanyamula mabuku a malamulo ochuluka kuposa amene mungasewere moyo wanu wonse. Ya SIM khadi simukuifuna, ya Wi-Fi yokha ikwanira. Lumikizani ku hotspot ya foni, kokerani mafayilo ndi bandulo ya Airtel kapena TNM kamodzi, basi. Chofunika n'chakuti fayilo ikhale m'tabuleti momwemo. Ya pa Google Drive muiike kuti izitseguka popanda intaneti, ndipo pa iPad muisunge pa "On My iPad", chifukwa iCloud imatha kuchotsa kope la m'tabuleti malo akachepa, inu n'kudzazindikira tsiku lomwe netiweki yavuta. Dziwaninso kuti Vassal, pulogalamu imene anthu amasewerera masewerawa pa intaneti, imayenda pa Windows, Mac ndi Linux, osati pa iPad kapena Android. Wofuna zonse ziwiri m'chipangizo chimodzi ayang'ane Microsoft Surface, imene sikirini yake ya 3:2 imagwirizana bwino ndi A4, ngakhale batire yake sikhalitsa ngati ya zinazi.

Magetsi tonse tikuwadziwa. Masewera amodzi amatha kudya maola asanu kapena asanu ndi limodzi, ndipo magetsi akazima pakati, batire ndiye ikusungani. Chimene chimadya moto kwambiri ndi kuwala kwa sikirini, kotero m'nyumba kutsitseni kufika pa theka, ndipo zimitsani Wi-Fi. Nthawi yodzizimitsa yokha muiike pa mphindi 10 kapena 15 kuti isamagone mukuganiza. Pa power bank pali masamu ena amene anthu amaphonya. Ya 10,000 mAh imasunga moto wokwana pafupifupi 37 Wh, koma gawo lalikulu ndithu, pafupifupi limodzi mwa magawo atatu, limatayika potchaja. Batire ya iPad ya 10.2 ndi 32.4 Wh, ndiye siingadzaze kuchokera pansi. Tengani ya 20,000 mAh yotulutsa ma amp awiri kapena kuposa. Magetsi akazima zulani chaja kukhoma, chifukwa pobwera nthawi zina amabwera mwamphamvu. Ndipo m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala musaisiye m'galimoto kapena pawindo. Apple imanena kuti iPad igwiritsidwe ntchito pa kutentha kosapitirira madigiri 35, ndipo kutentha kumakalambitsa batire ya mtundu uliwonse.

Ambiri adzagula yogwiritsidwapo kale ntchito, kaya m'tauni, ku Limbe kapena pa Facebook, ndipo palibe cholakwika, popeza kuwerenga PDF sikufuna chipangizo cha chaka chino. Koma pali misampha. Waukulu ndi loko wa mwini wakale. iPad imene sinachotsedwe pa iCloud ya mwini wake imapempha pasiwedi yake mukangoifufuta, ndipo imasanduka mbale. Android nayo ili ndi loko wotere wa akaunti ya Google. Zina zinali za masukulu kapena makampani a kunja, ndipo zimalemba "Remote Management" poyambitsa. Mankhwala ake ndi amodzi: wogulitsa aifufute yonse inu mukuona, muiyambitse pa intaneti mpaka ifike pa sikirini yaikulu, kenako ndiye mutulutse ndalama kapena kutumiza pa Mpamba. Akakana, chokanipo. Samalaninso ndi zakale kwambiri. iPad 2, iPad 3 ndi mini yoyamba zinaima pa iOS 9, iPad 4 pa iOS 10, Air yoyamba pa iOS 12, ndipo mapulogalamu ambiri atsopano sakulowamo. Pa za Android zopanda dzina lodziwika, manambala a pabokosi musawakhulupirire, chifukwa zina zimakonzedwa kuti zizinama RAM ndi malo osungira. Pagalasi, tsegulani tsamba loyera ndi lakuda muone madontho akufa, ndipo muigoneke patebulo: ikamagwedera kapena galasi likatukuka m'mbali, batire yatupa.

Mayeso enieni ndi buku lanu lomwe. Nyamulani PDF yolemera kwambiri imene muli nayo, pa foni kapena pa fulashi. Za USB-C zimalandira fulashi yokhala ndi mutu woyenera, koma iPad ya Lightning imafuna adaputala, ndipo palibe iPad yolandira memori khadi mwachindunji. Tsegulani tsamba la zilembo zochepetsetsa, imikani tabuleti patali ngati mmene idzakhalire patebulo, osati pamphuno, ndipo muwerenge nambala za m'chithunzi osakulitsa. Kenako thamangitsani masamba 20 motsatizana, fufuzani liwu limodzi, dinani linki ndi kubwerera. Zonsezi sizitha mphindi zisanu.

Mukaganiza zogula, pamndandanda pali ziwiri. Ngati thumba likulola, ya mainchesi 12 kupita m'mwamba. Ngati ayi, iPad ya 10.2 yosamalika bwino, kapena Android ya mainchesi 11 ya 1920 x 1200 ndi 4 GB, mutadula malire a tsamba. Muonjezere chikwama chotha kuimika tabuleti choimirira, chifukwa zambiri zimangoimika chogona, ndipo chipangizo cholemera pafupifupi theka la kilogalamu chikagwera pa mapu chimamwaza tizidutswa tonse. Matchati awiri kapena atatu amene mumayang'ana pa kuponya dayisi kulikonse, cha zotsatira za nkhondo, cha mitundu ya malo ndi cha ndondomeko ya sewero, musindikize amitundu pa A4 ndi kuwamata pulasitiki ku sitolo ya fotokope. Akhale pambali pa mapu, tabuleti itsale ndi malamulo okha.