Mmene ndinasiyira fodya mothandizana ndi osuta anzanga

Gulu lathu silinali la madokotala kapena la alaliki. Tinali osuta okhaokha, ena atasiya kale, ena akulimbana nazo, ndipo tinkakumana Lamlungu masana m'kalasi ya sukulu ina ya mpingo kuno ku Lilongwe, akuluakulu a ndevu titapanikizana pa madesiki a ana. Anandikokerako ndi makaniko mnzanga wa pa galaja, yemwe kwa zaka zambiri tinkapatsirana ndudu imodzi. Atayamba kukana ndikamupatsira, ndinkaganiza kuti amupeza ndi TB. Iye anangoseka n'kunena kuti, "Amwene, Lamlungu tipitire limodzi, mukangomvera chabe."

Tsiku loyambalo palibe anandiuza kuti ndisiye. Bambo wina wachikulire, telala, ndiye ankatsogolera zokambirana, ndipo anandipatsa ntchito yodabwitsa. "Achimwene, sabata ino sutani mmene mumasutira. Koma ndudu iliyonse muziilemba: nthawi yake, muli pati, muli ndi ndani, ndipo chachitika n'chiyani." Ndinapinda pepala n'kuika m'thumba la ovolosi pamodzi ndi kapensulo. Pofika Loweruka pepalalo linali bii ndi girisi, koma zolembazo zinkawerengeka. Ndudu ya m'mawa ndi tiyi, ya pambuyo pa nsima, ya podikira kasitomala amene wapita kukagula sipeya, ya pambuyo pokangana za mtengo, kenako mulu wonse wa Loweruka madzulo pa mowa. Zimene thupi linkazifunadi zinali zochepa. Zambiri ndinkayatsa chifukwa dzanja linazolowera kuti pamalo pakutipakuti pamayaka ndudu.

M'gululi munali mayi wina amene anagwirapo ntchito ya unamwino, nayenso wosuta wakale. Iwo ndi amene anatifotokozera pa bolodi chifukwa chake ndudu ya m'mawa imavuta kuposa zonse. Munthu akakoka utsi, nikotini, mankhwala a mu fodya amene amabweretsa chibaba, amafika ku ubongo pa masekondi 10 mpaka 20 okha, ndipo pakatha maola pafupifupi 2, theka lake limakhala latha m'magazi. Ukagona usiku wonse umadzuka thupi lili lopanda kanthu, n'chifukwa chake ena amayatsa asanasukusule n'komwe. Mphamvu ya nikotini sinali yachilendo kwa ine. Ndinakulira ku Kasungu pabanja lolima bale, ndipo tikathyola masamba a mame m'mawa kupita nawo kuchigafa, ana tinkachita chizungulire ndi nseru. Akuluakulu ankati ndi njala. Mayi aja anati ndi nikotini yemweyo, wolowera pakhungu.

Nkhani ya ulimiyi inkabutsa mkangano nthawi zina. Wina ankati tikunyoza mbewu imene imabweretsa ndalama zakunja, pomwe okushoni ya ku Kanengo ili pafupi pomwepa. Wina n'kuyankha kuti ngakhale boma linalowa mu 2023 m'pangano loletsa kufala kwa fodya la WHO, bungwe loona za umoyo padziko lonse. Atelala ankangogogoda desiki. "Za mabelo mukakambe ku Kanengo. Kuno tikukamba za mapapo anu."

Sabata yachiwiri ndi yosankha tsiku. Lamulo linali lakuti lisapitirire masabata awiri kutsogolo, chifukwa tsiku lakutali limangosuntha. Ena amakonda 31 May, tsiku limene dziko lonse limakumbukira kuipa kwa fodya, koma ine ndinaona kuti chofunika n'kupewa kumapeto kwa mwezi, pamene m'thumba muli kanthu ndipo anzako akukuitanira ku bala. Ndinasankha Lolemba la pakati pa mwezi, ntchito ili yambiri, ndalama zili zochepa.

Madzulo a Lamlungu ndinachapa maovolosi onse, ndinataya machesi a m'matumba, ndipo ndinauza akazi anga kuti masiku akubwerawa ndikhala wovuta, asatengere kumtima. Koma ntchito yaikulu inali pa hokala. Kuno ndudu timagula imodziimodzi, ndipo kwa kasitomala wodziwika imatuluka ngakhale pa ngongole. Amene amagula paketi akhoza kuitaya n'kukhala kuti watseka njira. Ife njira yathu imakhala yotsegula tsiku lonse, mapazi ochepa kuchokera pa galaja. Ndinapita kukalipira zonse za m'kabuku, kenako ndinati, "Mayi, ndikabwera kudzafuna ndudu, ngakhale ndigwade, musandipatse." Iwo anati, "Bambo, mukundithera bizinesi," koma anasunga pangano. Tsiku lina ndinafikadi pawindo paja ndilibe chonena, iwo n'kungondipatsa mtedza wokazinga osafunsa kanthu.

Chimene chinandinyamula kwenikweni ndi foni. Aliyense watsopano amapatsidwa mnzake amene anasiya kale, ndipo pangano lake n'limodzi: uimbe usanayatse, osati utayatsa. Ngati ulibe mayunitsi, fulasha, iye aimba. Tinalinso ndi gulu la pa WhatsApp pomwe munthu ankangolemba kuti "Chafika," ndipo amene ali maso ankayankha, kaya ndi 2 koloko usiku. Poyamba ndinkaona ngati zachibwana kuti bambo wa ana aziimbira bambo mnzake chifukwa cha kandudu. Koma chibaba chili ngati mvula ya mkuntho: chimabwera ndi ukali ngati sichidzatha, pakapita mphindi zochepa chadutsa. Vuto n'lakuti uli wekha mphindi zimenezo sizitha. Mnzanga wa pa foni anali mlonda, wosakonda kulangiza. Ndikaimba sankandiuza za khansa. Ankayamba kunyoza Bullets podziwa kuti ndine wa Bullets, iye wa Wanderers, ndipo tikamamaliza kukangana za penate ya chaka chatha, chibaba chinali chitapita osatsanzika.

Masiku atatu oyamba ndiwo oopsa, ndipo anatichenjezeratu. Mutu unkalemera, tulo tinkabwera modukizadukiza, m'mimba munauma, ndipo kankhani kakang'ono kankandipsetsa mtima. Bauti ikakana kumasuka, dzanja linkapita lokha kuthumba la pachifuwa n'kupezamo mtedza. Mkamwa mumafuna chochita, choncho ndinkayenda ndi nzimbe zodulidwa, chimanga chokazinga ndi botolo la madzi. Nsima ikangotha ndinkadzuka nthawi yomweyo kukatsuka mkamwa, osakhala pamalo pomwe ndinkasutira. Chifuwa chinayamba kutsokomola kuposa kale, zomwe zinandiopsa, koma anzanga anati nawonso zinawachitikira pamene mapapo ankachotsa zoipa. Anawonjezera kuti chikapitirira, kapena pakaoneka magazi, kapena thupi likamatentha usiku, ndipite kuchipatala akandiyeze makhololo, chifukwa osuta TB imawagwira mosavuta.

Pali kanthu kena kamene sindikanakadziwa pandekha. Utsi wa fodya umachititsa chiwindi kuphwanya msanga kafeini wa mu tiyi ndi khofi. Ukasiya, kapu yomweyo imakugwira mwamphamvu kuposa kale: mtima kuthamanga, manja kunjenjemera, tulo kusowa. Ine ndinkaganiza kuti ndi chibaba, n'kumawonjezera tiyi wina. Anamwino aja atamva anati ndichepetse masamba ndipo madzulo ndisamwe. Usiku womwewo ndinagona bwinopo.

Anatilemberanso pa bolodi zimene a WHO amanena: pakatha maola 12 mpweya woipa wa carbon monoxide umatsika m'magazi kufika pamlingo wabwino, pakati pa masabata 2 ndi 12 magazi amayenda bwino ndipo mapapo amayamba kugwira ntchito bwinopo, ndipo pakatha chaka chiopsezo cha matenda a mtima chimatsika kufika pafupifupi theka la cha wosuta. Ine chimene ndinaona msanga n'chakuti ndiwo zinayamba kukoma, ndipo fungo la ovolosi ya mnzanga wosuta linayamba kundinyansa.

Za mankhwala tinkasiyana maganizo. Alipo othandiza kusiya: chingamu ndi timapepala tomata pakhungu tokhala ndi nikotini wochepa, komanso mapiritsi monga varenicline, bupropion ndi cytisine, omwe a WHO anawavomereza m'malangizo awo a 2024. Awiri mwa anzathu ankagula chingamu ku famase m'tauni, ngakhale ankadandaula mtengo. Ena ankati mwamuna weniweni amasiya ndi mtima basi. Mawu amenewo ine sindigwirizana nawo. Amene wasiya ndi chingamu wasiya ndithu, ndipo mankhwala pamodzi ndi anzako okuthandiza zimaposa chimodzi pachokha. Koma gulu silinkalembera munthu mankhwala. Woyembekezera, wodwala mtima, kapena amene akumwa kale mankhwala ena ankauzidwa kuti ayambe waonana ndi adokotala.

Msampha wina ndi wosintha mtundu wa fodya n'kumati wasiya. Wina amachoka pa ndudu kupita pa chingambwe, achinyamata amathawira ku vape, ndudu zamagetsi zija. Tinali ndi agogo ena amene anabwera ndi mdzukulu wawo, ndipo tsiku loyamba ananenetsa kuti, "Ine ana anga sindisuta." Fodya wawo anali wofwenkha, m'kabotolo komangirira pakona ya chitenje. Atayesa kukhala tsiku limodzi osakhudza kabotoloko, mutu ndi ukali zinali zofanana ndi zanga. Amayi ambiri amavutika nazo mobisa chifukwa fodya wawo satulutsa utsi, ndipo palibe amawafunsa.

Ambiri amene anagwa, anagwera malo awiri: pa mowa ndi pa maliro. Za mowa n'zosavuta kunena, miyezi yoyamba usayandikire ku bala, chifukwa botolo lachiwiri limafafaniza mapangano onse. Koma maliro sungawakane. Usiku amuna mumakhala panja mozungulira moto, kukuzizira, tulo palibe, mtima uli wolemera, ndipo chingambwe chimayenda kuchoka dzanja ili kupita dzanja ilo. Kukana kumaoneka ngati kudzikweza, makamaka akakupatsira ndi amalume. Titapita kumudzi kukaika msuweni wanga, ndinachita zimene anandilangiza. Ndinauziratu gulu kuti ndili pa maliro, ndinatchaja foni, ndipo ndinadzipereka pa ntchito zotumidwa: kukatenga nkhuni, kukalandira alendo kumsewu, kuthandiza kunyamula mabenchi. Amalume atanditambasulira dzanja ndinati, "Pepani amalume, chifuwa chinandiletsa." Sanafunsenso. Kunena kuti "ndikuyesa kusiya" kumaitana anthu kuti akuyese. Usiku umenewo mlonda uja anaimba yekha kawiri ali pa ntchito yake.

Wogwa sankalipitsidwa kapena kuchititsidwa manyazi. Chofunika chinali kubwera Lamlungu n'kunena. Atelala ankangofunsa kuti, "Zinayambira pati?" ndipo tonse tinkathandizana kupeza pomwe panaboka, kaya ndi mkangano wa kunyumba, kaya ndi malipiro. Kenako munthuyo ankasankha tsiku lina pomwepo. Amene tinawataya ndi amene anachita manyazi n'kusiya kuyankha foni. Zokambidwa m'kalasimo zinkathera momwemo, ndipo n'chifukwa chake sinditchula dzina la aliyense.

Ndalama ya ndudu ya tsiku lililonse ndinkaitumiza ku Mpamba madzulo, osaisiya m'thumba. Thupi linanenepako, lamba anasuntha bowo, ndipo ndinayamba kupita ku galaja wapansi. Ukali unatha patapita masabata angapo. Chibaba chimabwerabe mwa apo ndi apo, makamaka wina akayatsa pafupi ndikamwa tiyi, koma n'chofooka.

Pano nanenso anandipatsa wanga, mnyamata wa kabaza. Pepala lake linasonyeza kuti amavutika cha m'ma 10 koloko m'mawa, makasitomala akachepa pa siteji ndipo anzake ayamba kupatsirana. Mayunitsi amamuvuta, ndiponso amachita manyazi kufulasha munthu wamkulu, choncho nthawi imeneyo ikakwana ndimapukuta manja n'kumuimbira ndine.