Mgolo wodontha wa amayi ndi phunziro la poizoni

Kwa miyezi itatu yathunthu phunziro la poizoni wopezeka m'malo amene timakhala linkandisowetsa mtendere, ndipo mayeso oyamba ndinalakwa mochititsa manyazi ngakhale kuti mayina onse a mankhwala ndinali nditawaloweza pamtima. Tsopano ndaona pamene panagona vuto. Mawu akuti poizoni ndinkawamva monga momwe timawamvera kumudzi, kumene poizoni ndi tameki: munthu wamwa, thovu latuluka kukamwa, athamangira naye kuchipatala, ndipo pofika m'mawa zadziwika ngati wapulumuka. Choncho aphunzitsi akamanena kuti kuthamanga kwa magazi kwa bambo wa zaka 50 kungachokere ku mtovu umene unalowa m'thupi mwake ali mwana, ndinkalemba m'kope mokhulupirika, koma mumtima ndinkati akungolumikiza zinthu zosagwirizana.

Mutu unatseguka patchuthi cha mu Julayi, kwathu ku Thyolo, chiperoni chitagwira masiku atatu osaleka. Amayi ali ndi mgolo umene amautchera pansi pa malata, ndipo mgolowo unabooka chakumunsi kalekale. Nditawafunsa kuti, "Amayi, bwanji osaumata mgolowu?" anangoyankha kuti, "Usiye mwanawe, ukudontha inde, koma malinga kumwamba kukugwa, suuma." Popeza kunja kunali kosayendeka, ndinakhala pakhonde n'kumauyang'ana. Madzi ankalowa timadontho chabe, koma ankakwera, ndipo akamakwera kamtsinje kotuluka pabowo kankalimbanso, mpaka anafika pamzere wina pamene olowa ndi otuluka analingana, n'kuima pomwepo. Ndinathamangira m'nyumba kukatenga kope, chifukwa chimene ndinkachiona ndi chomwe chija mabuku amachitcha steady state, chimene ndinachijambula kambirimbiri osachimva.

Half-life ndi nthawi imene imapita kuti theka la poizoni lichoke m'thupi. Chimene sindinkachigwira n'chakuti half-life imadalira kukula kwa bowo la mgolo. Bowo likakhala lalikulu, ngakhale mutathira chidebe chonse, pakapita kanthawi mgolo uli gwa. Likakhala laling'ono, timadontho timene munthu sangatiwerengere timadzaza mgolo, ndipo mlingo umakhazikika pakatha ma half-life pafupifupi asanu. Funso lakuti chinthu ichi n'chakupha kapena ayi silokwanira. Funso lenileni n'lakuti chikulowa mwa liwiro lanji ndipo chikutuluka mwa liwiro lanji.

Mtovu ndiwo unandikhutiritsa kwambiri, chifukwa uli ndi migolo iwiri. M'magazi, theka lake limachoka pakatha pafupifupi mwezi umodzi, koma thupi limausokoneza ndi kashiamu n'kuusunga m'mafupa ndi m'mano, momwe umatha zaka makumi, moti mwa munthu wamkulu mtovu woposa magawo 90 pa 100 umakhala m'mafupamo. Mayi akatenga pakati, mafupa amatulutsa kashiamu kuti amange mwana, ndipo mtovu wa kalekale uja umatuluka nawo n'kukafika kwa mwana amene sanaonepo n'komwe dzuwa. Apa ndipo ndinamvetsa chifukwa chake ku Kabwe, m'dziko la Zambia, ana akupezekabe ndi mtovu wochuluka m'magazi pamene mgodi unatsekedwa mu 1994, pakuti fumbi lake lidakali m'dothi limene amaseweramo, komanso mwana amayamwa mtovu kuwirikiza kanayi kapena kasanu kuposa wamkulu. Ndinamvetsanso kuti ngakhale mayiko a kuno kum'mwera kwa Sahara anasiya petulo wa mtovu pofika 2006, amene anakulira m'mbali mwa misewu zaka za m'mbuyomo sanausiye m'chaka chimenecho. Ena akuyenda nawo m'mafupa mpaka lero, ukuvutitsa impso ndi mitsempha ya magazi mwakachetechete. DDT, mankhwala aja ophera udzudzu ndi tizilombo tina, nayenso ndi chimodzimodzi, kungoti iye mgolo wake ndi mafuta a m'thupi.

Ndinkaganiza kuti ndamaliza, kufikira pamene ndinayesa kuika chuku mumgolo womwewo n'kupeza kuti sichikukwanamo. Aflatoxin, poizoni amene chuku chimapanga m'chimanga ndi mumtedza, sakhalitsa m'thupi. Pakapita masiku ochepa wambiri amakhala atatuluka. Nanga khansa ya chiwindi imene imabwera patapita zaka 20 kapena 30 ichokera kuti? Ndinalimbana nazo usiku wonse, ndipo yankho linali lakuti chimene chikudzaza mgolo uwu si poizoniyo ayi koma zipsera zake. Chiwindi, poyesa kumuphwanya aflatoxin wa mtundu wa B1 kuti chimutaye, chimamusandutsa mankhwala ena otchedwa epoxide, amene amakakamira pa DNA, malangizo a m'kati mwa selo, ndipo kawirikawiri amalasa pamalo otchedwa codon 249 a jini (kachigawo ka DNA) ya p53, yomwe ntchito yake ndi kuletsa selo lowonongeka kuti lisachulukane. Poizoni wapita, koma cholakwikacho chimakoperedwa nthawi iliyonse imene selo ligawikana. Mwa munthu amene ali kale ndi kachilombo ka hepatitis B, kamene kamadwalitsa chiwindi, chiopsezo cha khansa chimakwera kuwirikiza pafupifupi ka 30, ndipo n'chifukwa chake katemera wa hepatitis B amene analowa m'ndondomeko ya katemera wa ana m'dziko muno mu 2002 ndimamuona tsopano ngati chitetezo cha chiwindi ku chuku, ngakhale kuti sachotsa chukucho m'chimanga.

Nkhaniyi inandikhudza chifukwa sikuchitikira kutali. Dziko lapansi linayamba kumudziwa aflatoxin mu 1960, nkhukundembo pafupifupi 100,000 zitafa ku England chifukwa cha chakudya cha mtedza wochokera ku Brazil, ndipo mu 2004 ku Kenya anthu 317 anadwala, 125 n'kumwalira, atadya chimanga cha chuku. Koma zimenezo ndi za chidebe chothiridwa kamodzi. Zathu kuno ndi za timadontho. Chimanga timakolola n'kuchiyanika nyengo yomwe chiperoni chikuyamba, dzuwa losaoneka masiku angapo, ndipo chimalowa m'matumba chisanaumitsitse. Tsiku lomwelo la mgolo ndinaona amayi akusankha mtedza palichero, wonona kumbali yokazinga, wofwifwa ndi wonyala kumbali ina, ndipo nditafunsa za wonyalawo anati ndi wansinjiro, popeza ukasinjidwa suoneka. Nsinjiro zimenezo ndi zomwe timathira m'phala la mwana woyamba kudya. Moto wophikira suphwanya aflatoxin, ndipo chimanga choola chikapita kwa ng'ombe, poizoniyo amabweranso kudzera mumkaka ali aflatoxin wa mtundu wa M1.

Kuchokera tsiku limenelo ndinasiya kuloweza ndipo ndimajambula. Poizoni aliyense ndimamupatsa tsamba lakelake, pakati mgolo, kenako mafunso anga: akulowera pati, akusungidwa pati, bowo lake n'lotani, ndipo akatuluka wasiya chiyani. Utsi wa nkhuni, makala ndi zina zophikira m'khitchini, umene bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linati mu 2020 unakhudzana ndi imfa pafupifupi 3.2 miliyoni padziko lonse, unanditengera mphindi khumi zokha, chifukwa nawonso ndi wa zipsera, za m'mapapo ndi za mumtima. Ndikukhulupirira ndithu kuti palibe mutu m'phunziroli umene sungalowe m'chojambula chimenechi, ndipo mnzanga wina atandiuza kuti mankhwala osokoneza mahomoni satsatira mlingo mowongoka chotero, ndinamuyankha kuti sanajambule bwino. Mwina ndinamuyankha mofulumira, koma njirayi sindikuisiya.

Chimene chimandiwawa n'chakuti mfundo imeneyi ikanatha kuphunzitsidwa m'mphindi 15 ndi botolo lapulasitiki ndi msomali. M'malo mwake tinapatsidwa masilaidi oposa 60 m'maola awiri, aphunzitsi akuwerenga mawu omwewo amene tonse tinkawaona pakhoma, ndipo wofunsa funso ankauzidwa kuti nthawi yatha, akawerenge yekha. Sindikuwanyoza, pakuti ndikudziwa kuti munthu mmodzi akunyamula makalasi amene anayenera kugawana anthu atatu, ndipo silabasi siidikira munthu. Komabe mayeso amatifunsa kutchula zizindikiro zisanu za mtovu, ndipo tikazitchula timakhoza, osadziwa chifukwa chake zizindikirozo zimachedwa kuoneka. Ineyo miyezi itatu inapita choncho, pamene mayeso otsiriza atsala masabata anayi ndipo mutu wa mankhwala ophera tizilombo m'minda sindinauyambe n'komwe.

Pali chimodzi chimene chojambula changa chikukanika kundithandiza. Ndisananyamuke ndinayesa kuwafotokozera amayi za mtedza wonyala uja, ndipo anandimvetsera mpaka kumapeto, kenako anandifunsa kuti, "Ndiye tiutaye? Nanga mu Febuluwale mwana adzadya phala lanji?" Ndinati tiyanike pamkeka m'malo mwa pansi, matumba tisanjike pamitengo asakhudze khoma, wachuku weniweni titaye ndithu. Anavomera zoyanikazo, koma zotayazo sanayankhe, ndipo ine sindinaumirire, chifukwa munda wathu ndi kachigamba kopanikizika pakati pa tiyi, ndipo thumba lililonse limawerengedwa. Pobwerera kusukulu, m'minibasi, ndinkadzifunsa ngati ndikadzayamba ntchito ndidzatha kuuza mayi wa ana anayi kuti ataye chakudya cha mwezi uno pofuna kupewa matenda a zaka 30 zikubwerazo, ndipo mpaka pano sindinapeze mawu amene ndingadzayambire.