Mars wa Velázquez anandiyalutsa kwa apongozi

Ine vuto langa ndi chala, chimathamanga kuposa mutu. Tsiku lina usiku magetsi atazima ndikungoseweretsa foni ndinaona chithunzi chopenta cha Diego Velázquez, mkulu wa ku Spain uja ankajambulira mfumu Philip IV. Ndi cha Mars, amene Aroma akale ankati ndi mulungu wa nkhondo, anachipenta cha m'ma 1638 n'kukachikoleka ku Torre de la Parada, nyumba yomwe mfumu inkafikirako ikapita kosaka nyama, pano chili ku Prado, nyumba yoonetserako zithunzi zopenta ku Madrid.

Ndiye mukamva zoti mulungu wa nkhondo mumaganiza chimunthu cholusa eti? Ayi ndithu. Mkuluyu wangokhala pabedi, chipewa chachitsulo kumutu koma thupi lonse lili pamtunda kupatula kansalu kabuluu m'chiuno, chishango ndi zida zili mbwee pansi, dzanja lili kuchibwano ngati munthu woti akatapila amupeza. Koma ndevu zapamlomo zija amwene, ndendende apongozi anga aamuna.

Ndinaseka mpaka misozi, n'kulemba kuti "taona adadi ako atadzuka ndi matsire" kuti nditumizire madamu. Ndatumiza. Ndikudabwa bwanji madamu ali pompano foni yawo yalira koma sakuseka, angondiyang'ana ngati ndaba nkhuku... kuyang'ana bwino, ndaponya pa gulupu ya banja la kuchikazi, ija timakambiranapo zopereka za maliro. Kufuna kufufuta msanga, chala chomwecho chadina delete for me. Basi kwa ine chachoka, kwa anthu onse chili phee. Alamu anga ayamba kale kutumiza timaemoji tolira ndi kuseka.

Apongoziwo ndi mkulu wa mpingo, mowa sanaulawepo.

Mamawa foni yalira, ndi iwowo. Ndinagwada pansi ngati akundiona, n'kuyamba kufotokoza kuti bambo pepani, ameneyu si munthu wamba, ndi mulungu wa nkhondo wa Aroma, wamphamvu zedi. Anakhala chete kaye kenako akuti, "Ndiye mkamwini, uchidakwa sunakukwaneni, mwandisandutsanso fano?"

Apongozi aakazi chapatali ndikuwamva akuti koma mimba yokha ayi, ya abambo ndi yaikulu kuposa pamenepo.

Loweruka ndinanyamula tambala kukapepesa. Ndinawapeza ali pakhonde, ndevu zonse ameta.