Nsanja ya eriyo yopanda mawaya oyikoka: italike bwanji?

Nsanja zambiri za anthu a wailesi za ham (anthu wamba okonda kulankhulana pa wailesi zawozawo) zimagwa chifukwa cha mphepo, osati kulemera kwa eriyo. Mphepo ikawonjezera liwiro kawiri, mphamvu yake yokankha imakula kanayi, ndipo nsanja ikakhala yopanda mawaya oyikoka, mphamvu yonseyo imathera patsinde.

Titenge Rohn 25G, nsanja yamiyendo itatu yopangidwa ku America, imene zigawo zake ndi za mamita atatu chilichonse. Anaipanga kuti izikokedwa ndi mawaya. Ikaima payokha pa mphepo ya makilomita 113 pa ola, pa mamita 9 imanyamula eriyo imene mbali yake yowombedwa ndi mphepo ndi pafupifupi 0.6 sikweya mita. Pofika mamita 12, muyezowu umatsika kufika pa 0.14. Eriyo ya mtundu wa Yagi ya ndodo zitatu, ya mabandi a wailesi a mamita 20, 15 ndi 10, imatenga pafupifupi 0.4 sikweya mita kapena kuposa, tisanawerengere rotator (kachipangizo kotembenuza eriyo) ndi paipi yapamwamba. Ndiye musapyole mamita 9. Chigawo chachinayi chimakopa, koma chimenecho n'chimene chimapinda miyendo.

Pamaziko ndipo anthu amaumirira ndalama, pomwe n'posafunika kuumira. Dzenje likhale mamita 1.2 m'litali, m'lifupi ndi kuya komwe, ndipo limadya konkire yokwana pafupifupi makiyubiki mita 1.7, yolemera matani anayi ndi kanthu. Pansi yalanipo kwale wokhuthala masentimita 15, miyendo ya chigawo choyamba ilowe m'kwalemo. Miyendoyi ndi mapaipi; mukaitseka ndi konkire, madzi amvula amadikha mkati n'kudya chitsulo ndi dzimbiri mosaoneka. M'konkiremo ikani zitsulo zolimbitsa, ndipo pamwamba pa konkire patundumuke pang'ono kuti madzi asamaime. Yezani ndi levulo mbali zonse konkire isanagwire, chifukwa kupendekeka kosaoneka pansi kumadzaonekera pamwamba. Dikirani masiku 28 musanakweze eriyo.

Ena amaigwiriziza kukhoma ndi bulaketi. Zimathandizadi ngati khomalo ndi lolimba. Khoma la njerwa zomangira dothi silingagwire nsanja, mphepo imazula njerwazo imodziimodzi, ndipo fishabodi ndiye musayese n'komwe. Bulaketi ikhale pa konkire ya ring beam, mabawuti apyoze khoma n'kumangidwa pa chitsulo chophwatalala mkati mwa nyumba.

Malo muwasankhe poganiza kuti nsanjayo yagwa kale. Kuchokera patsinde kukafika pa mawaya a ESCOM pakhale mtunda woposa kutalika kwa nsanja ndi eriyo yake, muwonjezepo mamita atatu. Mwendo uliwonse ulumikizidwe ndi waya wakopa wonenepa ku ndodo yake yokhomeredwa m'nthaka chifukwa cha mphenzi. Mvula isanayambe, kungani mabawuti onse, awiri pa mwendo uliwonse polumikizira zigawo, ndipo musakwere opanda lamba wachitetezo.