Android nayonso ndi Linux, anzanga

Ndangotseka laputopu pompano, 2 koloko usiku, maso ali psuu. Chandichedwetsa kugona n'chiyani? Timizere titatu tokha ta #ifdef, tomwe timasankha mbali ya pulogalamu yoti igwiritsidwe ntchito malinga ndi makina omwe ikupangidwira.

Kapulogalamu kanga kolembedwa m'chiyankhulo cha C kamayenda bwinobwino pa Windows ndi pa Ubuntu (mtundu wina wa Linux). Nditati ndikapititse pa Android, compiler (chida chosandutsa zomwe ndalemba kukhala pulogalamu yoyenda) inangolowera njira ya Linux n'kuyamba kufunafuna zinthu za glibc (laibulale ya C ya pa Linux ya pakompyuta) zomwe kumeneko kulibe, poti Android imagwiritsa ntchito laibulale yakeyake yotchedwa Bionic. Ine ndimaganiza kuti __linux__ (dzina lomwe #ifdef imayang'ana kuti idziwe ngati tili pa Linux) ndi ya pakompyuta basi. Ayi ndithu, pa Android nayo imakhalapo, chifukwa kernel yake (mtima wa sisitimuyo) ndi ya Linux yomweyo. Ndimayenera kuyamba ndafunsa za __ANDROID__, kenako __linux__ pambuyo. Nditangosinthanitsa timizereto, zonse zinangoti myaa.

Chikundiwawa n'choti aka si koyamba. Chaka chatha _WIN32 inandipusitsanso, ine kumati ndi ya Windows ya 32-bit yokha, chikhalirecho imapezeka ngakhale pa Windows ya 64-bit. Nayo __APPLE__ siikuuza ngati uli pa Mac kapena pa iPhone, mpaka uitane fayilo ya TargetConditionals.h. Amene anatchula mayina amenewa, ine ndi iwowo tili ndi mlandu. Mawa musandiimbire m'mamawa chonde.